Phazi la Mlongo Wanga Mmonke

Lolemba, 5 Febuluwale

Fungo. Ndalimva ndili chigwadire, chipumi pansi, mphuno pafupi ndi mapazi a mlongo wanga. Fungo la nyama yoiwalika m'thumba.

Ndiyambe bwino. Pajatu zaka zonse zija ndinkakalipira ana a sukulu kuti lipoti limayamba ndi zooneka. Zooneka: chala chachikulu cha phazi lamanja, chotupa, chakuda m'mbali, chokulungidwa kansanza kong'amba ku mkanjo wakale. Mwini wake: Chuti, chitsirizira cha amayi, amene ndinkamupukuta mamina ndi siketi yanga ya sukulu. Lero ndi Medhankara Hamuduruwo, mmonke wamkulu wa kachisi wathu, ndipo ine Sriyalatha, ndi digiri yanga ya kemisitiri, ndimamugwadira ngati wina aliyense. Matenda a shuga anamupeza nawo kalekale.

Mudzi wonse umagwada pamapazi amenewo m'mawa ndi madzulo. Mphuno zonsezo, palibe ndi imodzi yomwe imagwira ntchito?

Ndinafunsa ndi ulemu wonse: "Hamuduruwo, phazilo latani?" Anakokera mkanjo pansi. "Kamwala, Akka. Ndimasesa pabwalo." Akka, ndiye kuti achemwali. Liti? "Posachedwapa." Posachedwapa wa munthu amene amawerenga nthawi ndi miyoyo yobadwanso.

Akuti sakumva kuwawa. Ananena monyadira, ngati ndi phindu la kusinkhasinkha. Chimenecho si chiyero, Chuti. Ndi mitsempha yakufa.

Ndipo sindingachikhudze. Mkazi sakhudza mmonke, ngakhale mkazi amene anamusambitsapo m'beseni. Ndiye mawa ndituma amuna anga a Jinadasa, amene amatuluka m'khitchini ndikamatumbula nsomba.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Ndinatsalira kukachisi kuti ndione ndi maso anga zimene zimalowa mwa munthuyu masana. Lero inali dane, mwambo wodyetsa amonke, ya Mayi Wanninayake, eni chigayo cha mpunga, kukumbukira malemu amuna awo. Chakudya chinabwera pa galimoto. Galimoto, kudzadyetsa amonke atatu, mmodzi wopanda mano.

Mpunga wachikasu wonyezimira mafuta. Mpunga woyera. Mbatata yokazinga. Mphodza zosambira mu mkaka wa kokonati. Nsomba mitundu iwiri. Kenako zenizeni: watalappan wa mazira ndi shuga wakuda, zitumbuwa zodontha mafuta, chambiko cha mkaka wa njati chothira manyuchi a mtengo wa kithul mpaka kuyera kwake kusaoneke, nthochi, ayisikilimu. Aliyense wa m'banjamo ayenera kuika ndi dzanja lake supuni ya chilichonse m'mbale ya mmonke, apo ayi madalitso amuphonya. Ana, akamwini, zidzukulu, ndi dalaivala yemwe. Mzere ngati wa palafini.

Chuti phee, maso pansi, ngati bokosi loponyamo makalata.

Ndipo ndi chimene ali. Tsiku lililonse la chaka lili ndi banja lake, banja lililonse lili ndi wakufa wake, wakufa aliyense anali ndi chimene ankakonda, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe, m'mbiri yonse ya mudzi uno, amene ankakonda masamba owiritsa. Malemu Wanninayake ankakonda watalappan. Anafa ndi shuga, mwendo umodzi utatsogola kumanda. Lero akazi awo akuwatumizira watalappan yemweyo kudzera m'mimba mwa mlongo wanga.

Ndinawanong'oneza: "Mayi, manyuchiwo achuluka." Anandiyang'ana mwachisoni. "Aphunzitsi, awatu ndi a kithul weniweni, ochokera kumapiri. Si shuga ayi. Ndi mankhwala."

Ndinakhala zaka zinayi ku yunivesite kuti ndidzauzidwe ndi mwini chigayo kuti shuga akatsika mumtengo amasanduka mankhwala.

A Jinadasa atsuka chilonda maso ali kudenga. Akuti nchakuya. Sanadye madzulo.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Kuchipatala. Matukutuku awiri, timagalimoto ta matayala atatu, poti mkazi sakhala mpando umodzi ndi mmonke. Chiyero nchokwera mtengo.

Dokotala Thayaparan. Wamng'ono, msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa, ulemu wake woyeza pa sikelo. Ndamukonda. Anabaya phazi ndi kachingwe. "Apa mukumva, Hamuduruwo?" Ayi. "Apa?" Ayi. Shuga m'magazi: mazana atatu ndi kanthu. Anavula magalasi.

"Chilondachi chikudya zimene inu mukudya. Shuga akatsika, mwina chala tichipulumutsa. Akapanda kutsika, chala chipita. Mukachedwa, phazi lonse. Mubwerenso kumayambiriro kwa Malichi, tidzagamule."

Phazi lonse. Munthu amene chimwemwe chake chonse ndi kusesa pabwalo la kachisi mbandakucha, kusiya mchenga uli ndi mizere ngati tsitsi lopesa.

Pakhonde la chipatala ndinaiwala ulemu pang'ono. Lamulo la amonke limalola kukana: kungoika dzanja pamwamba pa mbale, basi, supuni ibwerera. Mmonke wopanda mano uja amachita tsiku lililonse. Nanga inu dzanja linauma?

Anayankha motsitsa mawu. "Aja ndi okalamba, Akka, anthu amamvetsa. Ine ndine wamkulu pakachisi. Mayi wadzuka tambala asanalire kupala kokonati chifukwa cha mwana wake amene anamira m'damu. Wafika pambale yanga ndi supuni yake. Ndimuuze chiyani? Kuti adokotala akana? Ndikakana mmodzi, mudzi wonse udziwa kuti wakufa wa uje wabwezedwa pakhomo."

Ndinati ndiye adulitseni phazilo mwaulemu. Anaseka. Kuseka kwa amayi kwenikweni, kophimba pakamwa. Ndinafuna kumumenya ndi ambulera.

Lolemba, 12 Febuluwale

Kabati ya kuchipinda kwa Chuti. A Jinadasa ndiwo anatsegula, ine ndinaima pakhomo ngati wapolisi wopanda chilolezo.

Sitolo yathunthu. Zitini za mkaka waufa wolembedwa kuti ngwa odwala shuga, umene amamusungunulira ndi masupuni awiri a shuga kuti ukome. Makapisozi a karavila, nkhaka yowawa ngati ndulu. Makapisozi a sinamoni. Makungwa a kothala himbutu. Mavitamini ochokera kwa mwana wa uje amene ali ku Italy, kwa mdzukulu wa uje amene ali ku Dubai. Ufa wobiriwira wolembedwa Chikoreya, palibe m'boma lonse lino angawerenge. Phala lakuda la kwa sing'anga, lopanda dzina, lopanda tsiku, lonunkha ngati matayala. Zina zinatha mphamvu boma lakale lisanagwe.

Ndinafunsa kuti pa zonsezi amamwa ziti. Zonse. Mosinthasintha. Kuti wopereka aliyense alandireko madalitso ake. Amakumbukira mwini botolo lililonse. Impso zake ndiye palibe amazikumbukira.

Mudzi wanzerudi. Masana amuthira shuga, madzulo amubweretsera mankhwala otsitsa shuga, uku ndi uku madalitso. Phindu kawiri pa mmonke mmodzi.

Ndinati titaye zonse m'dzenje. A Jinadasa anayera nkhope. "Katundu wa kachisi? Inu mukufuna ndidzabadwenso galu?" Ndinati galu amadziwa chosadya. Sanaseke. Kabati yatsekedwanso.

Koma ndapeza khomo lina. Dzuwa likapendeka mmonke sadya kanthu mpaka m'mawa, amangolandira gilanpasa, zakumwa zamadzulo. Ndipo zakumwa zake ndi ziti? Tiyi woimitsa supuni. Madzi ofiira a m'botolo. Chibulumwa cha shuga wakuda pambali. Ndapita nyumba ndi nyumba kupempha mabanja a sabata ino kuti gilanpasa andisiyire ine. Avomera msanga, poganiza kuti ukalamba wandiphunzitsa kupembedza. Kuyambira mawa: tiyi wopanda kanthu ndi madzi a koriyanda.

Sayansi yalowa m'kachisi.

Lachinayi, 15 Febuluwale



Pamapemphero adzuwa litangolowa. Chuti akutsogolera, mawu anayamba kukokeka ngati kaseti yotha mabatire. Thukuta kamukamu. Anabwereza mzere umodzi katatu, kenako anapendekera kukhoma, maso kuyera.

Azimayi kukuwa. Ine ndinadziwa nthawi yomweyo: shuga watsikitsa. Ndinadziwa, ndipo m'manja mwanga munali chiyani? Fulasiki ya madzi a koriyanda.

Mayi Wanninayake anatulutsa botolo la manyuchi m'chikwama. Amayenda nalo! Ndinakuwa kuti a Jinadasa amupake m'kamwa, m'nkhama, asamumwetse angatsamwe. Patapita kanthawi maso anabwerera. Anafunsa kuti talekezera pati.

Ndiye mayi aja anatembenuka pang'onopang'ono, botolo m'manja ngati chikho cha mpira. "Mwaonatu, Aphunzitsi? Masiku atatu a madzi anu, Hamuduruwo agwa. Supuni imodzi ya kithul, adzuka. Ife sitinaphunzire, koma sitinaphepo mmonke."

Pamaso pa anthu onse. Ndipo choipitsitsa nchakuti pa mphindi imeneyo, pa supuni imeneyo, analondola.

Lachisanu, 16 Febuluwale

Kwa dokotala Thayaparan, ndi thumba la mabotolo amene a Jinadasa avomera kuwabwereka kukachisi. Kubwereka, osati kuba. Sadzakhala galu.

Nkhani yonse yatuluka. Zaka zapitazo, wina kuchipatala china analemba kuti piritsi limodzi m'mawa, lina mukadya chakudya chamadzulo. Kulembera mmonke. Munthu wovala chikasu ali pamaso pake, dziko lonse likudziwa kuti sadya madzulo. Ndipo Chuti, womvera malamulo, wakhala akumeza piritsi lamphamvu pamimba yopanda kanthu, nkuonjezera makapisozi awiri atatu a opereka a tsikulo. Chimene chimamugwira kuti asagwe ndi tiyi wa shuga uja. Ine ndinachotsa tiyi nkusiya piritsi.

Dokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mumaphunzitsa chiyani, Mayi?" Kemisitiri. "Ndiye mukudziwa kuti sachotsa mbali imodzi yokha." Ndikanakhala ndi choko ndikanamugenda nacho. Kamwana ka dzana.

Wasintha mapiritsi kuti agwirizane ndi kudya kwa amonke. Mabotolo onse waletsa. Akuti ena mwina amatsitsadi shuga pang'ono, ena sachita kanthu, ena palibe akudziwa zimene zilimo, ndipo mavitamini sangachotse m'magazi zimene supuni yaikamo masana. "Nkhondo ili pa mbale," anatero. Chilonda sichinasinthe.

Mbaleyo ndiye ili m'manja mwa akufa.

Lachisanu, 23 Febuluwale

Tsiku la mwezi wathunthu. Amayi onse zoyera mbee, msonkhano wa bungwe lawo pansi pa mtengo wopatulika wa bo. Ndinapempha kuyankhula. Ndinakonzeka ngati phunziro loonerera oyendera sukulu. Mpunga wofiira pang'ono, masamba ambiri, nsomba yosakazinga, papaya kachidutswa. Zotsekemera ayi. Ndinafotokoza za chala. Ndinatchula mawu akuti phazi.

Kenako Mayi Wanninayake, amene ndi wapampando, poti chigayo ndi chawo.

"Ndiye amuna anga kumene aliko azidya masamba ngati mbuzi?"

Ndinati amuna anu sakudya kanthu, Mayi, akudya ndi mlongo wanga. Madalitso amachokera mu mtima wopereka, si mu mafuta. Zili m'mabuku omwewo mumawagwadira.

"Tamvani! Lero atiphunzitsa ndi chipembedzo chomwe. Munthu wobwera kukachisi pamaliro pokha."

Wina kumbuyo: "Si omwewa anagwetsa Hamuduruwo ndi madzi a koriyanda?" Kuseka.

Koma amene anandithetsa mawu ndi Podi Menike, mayi wa mwana womira uja, wosayankhula pagulu chibadwire. Ananena maso ali pansi. "Aphunzitsi, mwana wanga ankakonda mpunga wa mkaka wothira shuga wakuda. Ndi chokhacho chimene ndingamuchitirebe. Hamuduruwo akadzandiuza okha kuti ndisiye, ndidzasiya. Koma iwo amalandira."

Iwo amalandira. Iye akuti iwo amapereka. Aliyense akudikira mnzake, mwaulemu, chala chikuola pakati.

Pobwerera a Jinadasa anati mwina ndikanayamba ndi kuwayamika. Ndawauza kuti chakudya chawo chamadzulo chili m'malingaliro awo, adziyamikire okha.

Lolemba, 26 Febuluwale

Kuda kwakwera kufika pamfundo ya chala. A Jinadasa tsopano amatsuka osayang'ana kudenga. Amayang'ana chilondacho nthawi yaitali. Bola muja ankachita mantha.

Lamlungu likubwerali ndi tsiku lathu, dane ya malemu amayi athu. Ndinali nditakonza kale m'mutu: ndionetse mudzi wonse mmene munthu wophunzira amadyetsera mmonke wodwala. Mpunga wofiira, karavila, masamba a gotukola.

Chuti anandiitanitsa. Anali pampando wake pakhonde, phazi pa kampando, ine pamphasa, pansi, malo anga.

"Akka, Lamlungu mudzapange aggala wa amayi."

Aggala! Mibulu ya ufa wa mpunga wokazinga youmba ndi manyuchi. Shuga womanga ndi shuga. Amayi ankapanga tikakhoza mayeso, tikadwala, bambo akakwiya, mvula ikakana, mvula ikagwa.

Ndinafunsa ngati matendawa afika kumutu. Ndinamukumbutsa kuti mmonke saloledwa kuitanitsa chakudya. Ndinamukumbutsa za dokotala, za msonkhano, za mmene andisekera chifukwa cha iye. Ndinamutchula dzina lakuti Chuti mokweza, koyamba chimumetereni tsitsi. Agalu a pakachisi anadzuka.

Anadikira ndithe. "Mupange wambiri. Ndipo muitane bungwe lonse la azimayi."

Chifukwa? "Mmonke wapempha, Akka."

Ndinagwada, ndinatsazika, ndinatukwana njira yonse mpaka kunyumba. M'Chingerezi, kuti tchimo lichepe.

Loweruka, 2 Malichi

Sindipanga. Ndinanena Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi.

Lero ndakazinga mpunga. Ndasinja mu mtondo wa amayi, poti wa kuchigayo sumveka chimodzimodzi, komanso sindikufuna Mayi Wanninayake adziwe. Adziwa kale. Atumiza botolo la manyuchi awo ndi dalaivala, ndi uthenga: "Auzeni Aphunzitsi kuti tonse timafika pomwepo."

Ndawagwiritsa ntchito. Ndi abwinodi, mfiti imeneyi.

Manja akukumbukira zimene mutu unaiwala. Kutentha kwa ufa m'zikhatho. Kuumba msanga usanazizire. Ndinapezeka ndikuumba kamodzi kakang'ono kapadera, monga ankachitira amayi, ka Chuti. Ndinakaphwanya, kenako ndinakaumbanso.

Ndine munthu wa sayansi. Ndikudziwa bwinobwino kuti amayi sadya aggala. Nanga ndikulira chiyani m'khitchini ngati Podi Menike?

Lamlungu, 3 Malichi

Andichita chipongwe pamaso pa mudzi wonse. Ndilembe zisanazizire.

Holo yodzaza. Bungwe lonse, Mayi Wanninayake kutsogolo, kudzaonerera mphunzitsi akumeza mawu ake. Mpunga wofiira Chuti analandira. Karavila analandira. Masamba analandira. Kenako ndinanyamula thireyi ya aggala, ndinayenda chowerama, ndinatenga kakang'ono kaja, ndinatambasula dzanja.

Anaphimba mbale.

Ndinaganiza kuti sanaone. Ndinadikira, dzanja lili m'malere. "Hamuduruwo, ndi aggala wa amayi." Dzanja lake osasuntha.

Anayankhula osakweza mawu, koma anamveka mpaka kukhomo. "Awa ndi amayi anga ondibereka. Uyu ndi aggala wawo, wopangidwa ndi mwana wawo. Sindilandira. Madalitso afika kale kwa iwo, anafika dzulo pamene Akka amasinja. Kuyambira lero chotsekemera chilichonse ndichikana. Amene aone ngati wakufa wake wanyozedwa akumbukire kuti ndinayamba ndi amayi anga."

Ine chiimire ndi kambulu m'manja ngati chitsiru. Nkhope moto. Akanandiuza! Sabata yathunthu ndikutukwana, kusinja, kulira, kuti iye apeze munthu woti amukane pagulu. Mudzi wonse anayang'anamo amene angapirire manyazi, nkusankha mlongo wake. Ndipo anadziwa kuti akandiuza ndikanasewera moonekera, poti sindinathepo kunama ndi nkhope. Nkhope imene anaifuna ndi yomweyi, ya munthu womenyedwa mbama.

Pothira madzi a madalitso m'kapu mpaka kusefukira, ndinaphonya kapu, madzi kutayikira pamphasa. Podi Menike anandigwira chigongono. Pambuyo pake anandifunsa motsitsa kuti mpunga wa mkaka wopanda shuga umaloledwa. Ndinati pang'ono. Anagwedeza mutu.

Mayi Wanninayake anatenga aggala awiri potuluka. Wotsala ndagawira ana a m'mudzi.

Chuti sindinamutsazike. Andidziwe.

Lachiwiri, 5 Malichi

Mochedwa. Dokotala Thayaparan anangochiyang'ana kamodzi. Chala chipita mawa m'mawa. Phazi akuti magazi akuyendamo ndithu, likhoza kutsala, ngati mbale isinthadi, osati sabata imodzi koma mpaka kalekale.

Ndinafuna wina woti ndimukalipire. Ndinayang'ana dokotala, a Jinadasa, mmonke. Ndinakalipira woyendetsa tukutuku chifukwa cha mabampu.

Kumudzi zayamba kale. Dzulo banja la tsikulo linabweretsa karavila mitundu itatu. Lero Mayi Wanninayake atumiza dalaivala kutauni kukafuna mpunga wofiira woposa wa wina aliyense, ndipo akuuza anthu kuti iwo ananena kalekale kuti zotsekemera zachuluka. Mpikisano womwe uja, angosintha zida. Mlongo wanga adzafa ndi kuwawa m'kamwa, koma ndi mapazi ake.

Botolo latsopano la makapisozi lafika kale kuchipatala. Ochiritsa zilonda, ochokera ku Japan. Ndalisiya kwa anamwino. Ndibadwenso galu, palibe kanthu.

Lachinayi, 7 Malichi

Chapita. Phazi lili m'mabandeji, lalifupi mbali imodzi. Wodi ya amonke, mabedi asanu ndi limodzi, anayi a shuga. Akufa a midzi ina nawonso amadya bwino.

Ndinalowa nthawi ya alendo ndili ndi mawu amene ndakhala ndikuwanola kuyambira Lamlungu. Ndinagwada kaye pambali pa bedi, poti mwambo ndi mwambo. A Jinadasa anapita kukasaka madzi otentha amene palibe anawapempha.

Anandiyamba ndi iye. Mawu ofooka ndi mankhwala ogonetsa.

"Akka, munathira tsabola wakuda?"

Chiyani?

"Mu aggala. Amayi ankathira tsabola wakuda pang'ono, kumapeto."

Ndinati ndinathira, mukundiyesa ndani. Anafunsa ngati mpunga ndinaukazinga mpaka kufiirira kapena ndinachita changu monga mwa khalidwe langa. Ndinati akanafuna kudziwa akanalawa.

"Fungo ndinalimva," anatero. "Linali pafupi kwambiri."

Mawu anga onse onola aja anathawa. Ndinatsegula chikwama. Kakang'ono kaja ndinali nditakakulunga m'pepala Lamlungu lomwelo, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo kakhala m'menemo pakati pa makiyi ndi mapiritsi anga a magazi. Anakaona. Anayang'ana kumbali.

"Idyani inuyo. Muzindiuza."

Ndiye ndinakhala pansi pa simenti ya chipatala, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri, kudya aggala wouma wa masiku asanu, nkumapereka lipoti. Kunja kolimba. M'kati mofewa pang'ono. Poyamba utsi wa mpunga. Kenako manyuchi, akuya, owawira patali. Iye maso otseka, kumangoti ee, ee. Kenako, ukameza, tsabola kukhosi.

"Amachedwa kubwera," anatero.

Amachedwadi. Ndinadikira. Anabwera.

"Wafanana ndi wa amayi?"

Sanafanane. Wanga ndi wolimba, mchere wachepa, china chake chikusowa chimene sindikuchidziwa, ndipo munthu yekhayo padziko amene akanandiuza kuti nchiyani sadzalawanso.

Ndinati wafanana.

Anatsegula diso limodzi. "Nkhope yanu, Akka."